Mlendo m'Makomboni a Lusaka: Za Kudzisunga ndi Kupeza Cipatala

(Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za m'midzi, m'Cigawo ca Kum'mawa)



Ndi ocepa aphunzitsi a kumudzi amene amatsiriza zaka zao za nchito osapondako ku Lusaka. Wina amapita kukalondola makalata ace ku likulu la Unduna wa Maphunziro kapena ku Teaching Service Commission. Wina amapita pa chuthi kukaonjezera maphunziro ku University of Zambia. Wina, imvi zitamera, amapita kukafunsa za ndalama zace za penshoni. Ndipo ambiri amaitanidwa ndi matenda a mbale kapena maliro. Malipiro a mphunzitsi samlola kugona m'hotela. Cifukwa cace amafikira kwa mphwace ku Kanyama, kwa mlamu wace ku Chawama, kwa mwana wa mlongo wace ku Mtendere, kapena kwa mnyamata amene anali m'kalasi mwace kale, amene tsopano ali ndi nyumba ku Matero. Nkhani ya lero ndi ya mlendo wotere: m'mene angadzisungire m'makomboni, ndi m'mene angapezere cipatala akadwala iye mwini kapena amene wamperekeza.

Pali cinthu cimodzi cimene ciyenera kumveka poyamba. Kumudzi mdani wa wodwala ndiye mtunda. Munthu amanyamulidwa pa njinga kapena pa ngolo makilomita ambiri, ndipo nthawi zina amatsirizika panjira. Ku Lusaka mtunda suli bvuto, pakuti m'makomboni onse amene achulidwa pano muli kliniki kapena cipatala ca Boma. Komabe kumeneko anthu amafa ndi matenda ocizika, ndipo cimene cimawapha ndico kucedwa. Mlendo sadziwa khomo loyenera kugogoda, amacita manyazi kudzutsa eni nyumba usiku, ndipo amati ayembekeze kuce. Akuru anati safunsa anadya phula. Mlendo wanzeru amafunsa njira ya ku cipatala tsiku lomwe wafika, thupi likali bwino.

MAKOMBONI NDI NTHAKA YACE

Lusaka anayamba mu 1905 monga poima sitima cabe, ndipo anasanduka likulu la dziko mu 1935, Boma litasamuka ku Livingstone. Masiku amenewo munthu wakuda analoledwa m'tauni monga wanchito basi, ndipo eni nchito ndi eni mapulazi anali kupatsa anthu malo omangapo timisasa. Ndico cifukwa makomboni ena amadziwika kufikira lero ndi maina a anthu, monga George ndi John Laing. Matero ndi wosiyana, pakuti anamangidwa ndi khonsolo ya mzinda m'zaka za 1950, ndi miseu yoongoka ndi nyumba za manambala. Ufulu utabwera mu 1964 citupa cinatha mphamvu, ndipo anthu anakhamukira ku likulu namanga pali ponse pamene anapeza malo. Mu 1974 Boma linapanga lamulo lobvomereza makomboni otere, ndipo m'zaka zotsatira George ndi Chawama anakonzedwako ndi thandizo la World Bank, ndi Kalingalinga ndi thandizo la dziko la Germany. Monga mwa kalembera wa 2022 Lusaka ali ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo pafupifupi 7 mwa anthu 10 ali onse amakhala m'makomboni.

Kanyama ali kumadzulo kwa tauni, Chawama kum'mwera, Matero ndi George kumpoto cakumadzulo, pamene Kalingalinga ndi Mtendere ali kum'mawa, kufupi ndi University. M'malo ambiri nyumba zinamangidwa miseu isanalembedwe, kotero kuti timakwalala n'tambiri ndi tokhotakhota, ndipo nambala ya nyumba siithandiza mlendo. Anthu amalondolerana ndi msika, sukulu, chalichi kapena poima basi.

Koma cacikuru cimene mlendo ayenera kudziwa ciri pansi pa mapazi ace. Mbali ya kumadzulo ndi kum'mwera ya Lusaka yakhala pa thanthwe la laimu, lokhala ndi ming'alu ndi mapanga m'kati mwace, ndipo dzikolo ndi lathyathyathya. Mvula ikagwa madzi sapeza kopita. Amaima m'mabwalo ndi m'nyumba, monga anacitira pa cigumula ca ku Kanyama mu 1978 ndi m'zaka zambiri zotsatira. Cifukwa ca thanthwelo zimbudzi sizikumbidwa mozama, ndipo zitsime ndi zosaya. Nthawi ya dzinja madzi a pansi amakwera, nalowa m'zimbudzi, nadutsa m'ming'alu ija kufikira m'zitsime. Madzi otere amaoneka oyera mbee ndiponso ozizira bwino, koma diso silingaone cimene ciri m'menemo.

ASANANYAMUKE

Kudzisunga kumayamba kunyumba. Mphunzitsi atenge reji yace, pakuti idzafunidwa m'maofesi ndi ku cipatala. Aphunzitsi olipidwa ndi Boma amadulidwa gawo 1 pa 100 la malipiro ao mwezi ndi mwezi kupita ku NHIMA, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo limene linayamba nchito mu 2019. Cotero nkwabwino kudziwa nambala yace ndi kuona ngati mkazi kapena mwamuna ndi ana analembedwa. Amene amamwa mankhwala a masiku onse, monga a kuthamanga kwa mwazi, a shuga, a cifuwa cacikuru kapena ma ARV, atenge okwanira masiku oposa amene akuganiza kukhala, cifukwa nkhani ya mu ofesi imene iyenera kutha tsiku limodzi imatha sabata. Atengenso khadi lace la ku cipatala. Mai wapakati asasiye khadi la ku sikelo, ndipo mwana wamng'ono ayende ndi khadi lace.

Amene aperekeza wodwala asanyamuke wopanda kalata ya dokotala amene anamuona kwao, kaya ndi ku St Francis ku Katete, ku Mwami, ku Nyanje, ku Minga kapena ku Chipata Central Hospital. Kalata imeneyo ndiyo kiyi ya zipatala zazikuru za ku Lusaka, ndipo pamodzi nayo atenge zithunzi za ekisirei ndi mapepala onse a zopima. Cotsiriza, alembe pa pepala, osati mu foni mokha, dzina ndi nambala ya amene akamlandira, dzina la komboni, ndi cizindikiro ca pafupi ndi nyumbayo. Foni imabedwa kapena kutha moto, koma kapepala ka m'thumba la malaya kamatsala.

KUFIKA NDI KUYENDA

Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pa mseu wa Great East Road pali makilomita pafupifupi 570, ndipo basi imatha gawo lalikuru la tsiku. Nkwabwino kukwera ya m'mamawa kuti munthu afike ku Intercity dzuwa likalipo. Pamenepo pali anyamata oitanira mabasi ndi onyamula katundu, ambiri a iwo ongofuna cakudya ca tsikulo, koma pakati pao pamalowa mbala. Mlendo asapereke cikwama kwa amene sanapangane naye mtengo, asaturutse ndalama zonse pa gulu, ndipo asaime pakati pa njira alikuyang'anayang'ana. Ngati basi yafika usiku ndipo womcingamira sanabwere, kuli bwino kukhala pa steshoni pamene pali magetsi ndi anthu kufikira kuca, kusiyana ndi kulowa m'komboni imene saidziwa mumdima.

Timabasi topita ku makomboni timanyamukira pa masteshoni ena, monga Kulima Tower, City Market, Lumumba ndi Millennium, ndipo wofunsa afunse mai wogulitsa malonda kapena wapolisi. Alipo matakisi oitanidwa pa foni, amene mtengo wace umaoneka munthu asanakwere. Pooloka miseu ikuru monga Lumumba, Kafue ndi Great East, munthu wozolowera mseu wa kumudzi acenjere kawiri, pakuti oyenda pansi ndiwo ambiri mwa ophedwa ndi galimoto. Ndipo uthenga wa pa foni wakuti atumize ndalama pa nambala yacilendo, kapena wofunsa nambala yace yacinsinsi, asauyankhe konse, ngakhale wolembayo adzichule kuti ndi wa ku Unduna kapena wa ku penshoni.

Atafika panyumba, mlendo apemphe mwini nyumba amsonyeze kwa anansi, monga amacitira kumudzi popita naye kwa mfumu. Uwu si ulemu wokha. Kumayambiriro kwa 2020 mbiri inawanda m'dziko ya anthu othira mpweya wa poizoni m'nyumba usiku, ndipo makamu a anthu ogwidwa ndi mantha anapha anthu ambiri ongowaganizira, ena a iwo osalakwa amene mlandu wao unali wakuti sanadziwike m'dera limene anapezeka. M'komboni munthu wodziwika ali ndi omcinjiriza. Usiku asayende yekha, makamaka m'timakwalala ta pafupi ndi malo a mowa, kumene timagulu ta anyamata osokonezeka ndi camba ndi kacasu timalanda mafoni. Akagwidwa ndi otere apereke cimene afuna. Foni imagulidwa ina.

MADZI NDI KOLERA

Coopsa coposa mbala ndi madzi. Mu Okutobala 2017 kolera inabuka m'komboni ya Chipata, imene iri mu Lusaka momwemo ndipo isasokonezedwe ndi mzinda wa Chipata wa kuno, nifalikira ku Kanyama, Matero, Chawama ndi kwina. Anthu oposa 5,000 anadwala mu Lusaka, ndipo pafupifupi 100 anamwalira. Asilikari anaturutsidwa kukayeretsa mzinda, malonda a m'miseu analetsedwa, ndi sukulu zinacedwa kutsegulidwa. Mu Okutobala 2023 inabukanso mwamphamvu koposa: odwala anapitirira 20,000 m'dziko lonse, akufa anapitirira 700, ndipo bwalo la mpira la National Heroes Stadium linasanduka cipatala. Aphunzitsi onse akumbukira kuti sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 zinakhala zotseka kufikira pa 12 Febuluwale. Ambiri mwa akufawo anafera kunyumba kapena panjira, asanafike kwa anamwino.

Tsono nthawi ya kolera ndi yomweyo imene aphunzitsi ambiri amayenda, ndiyo chuthi ca Disembala, mvula itayamba. Malamulo ace ndi apafupi. Madzi akumwa acokere pa mpope kapena pa malo ogulitsira madzi obvomerezeka, osati pa citsime; ndipo ngakhale a pa mpope awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala a klorini, amene amagulitsidwa m'timabotolo m'tuntemba, monga mwa muyeso wolembedwa pa botolo, ndi kuyembekeza mphindi 30 asanamwe. Cakudya cidyedwe cikali cotentha. Zipatso zosendedwa kale, maheu ndi munkoyo wa m'mseu, ndi timadzi tozizira tomangidwa m'mapulasitiki, zonsezi azipewe nthawi ya dzinja. Posamba m'manja madzi athiridwe kucokera m'jagi, ndi sopo, osati onse kubviika manja m'beseni limodzi. Izi zisungidwe makamaka pa maliro, pamene anthu ambiri amadya pamodzi ndi kugwiritsa nchito cimbudzi cimodzi.

Pano pali bvuto la mwambo. Mlendo amaopa kuti akapempha madzi owiritsa eni nyumba adzati akunyansidwa nao. Njira yace ndi yakuti iye mwini abwere ndi kabotolo ka klorini ndi sopo pamodzi ndi nsawawa ndi ufa zimene wanyamula kucokera kumudzi, nazipereka kwa mai wa panyumba monga mphatso ya banja lonse. Anthu a ku Kanyama amaidziwa kolera kuposa mlendo, ndipo sadzakhumudwa.

Citsanzo ndi ici. Mphunzitsi wabwera ku maliro mu Januwale, ndipo usiku waciwiri, nthawi ya 10 koloko, wayamba kutsegula m'mimba. Zoturuka ndi madzi okhaokha, otuwa ngati otsukira mpunga, ndipo m'mimba simupweteka kwenikweni. Pambuyo pace ayamba kusanza. Acita manyazi, pakuti agona pa balaza pamodzi ndi apongozi, ndipo ati ndi cakudya cacilendo cabe. Pofika 3 koloko miyendo ikukokana, mau alowa m'kati, maso abwerera, mkodzo waleka. Kukaca afunikira kunyamulidwa, ndipo mwina nthawi yatha. Kolera siipha ndi ululu. Imapha pokhetsa madzi ndi mcere wa m'thupi, ndipo munthu wamphamvu angathe kufa m'maora ocepa. Koma akalandira thandizo msanga, mwa odwala 100 wakufa safika ndi mmodzi yemwe.

Cimene mphunzitsi uja anayenera kucita pa 10 koloko ndi ici: kudzutsa mwini nyumba, kuyamba kumwa madzi a moyo pomwepo, ndi kunyamuka kupita ku kliniki usiku womwewo, alikumwa panjira. Ngati timapaketi ta madzi a moyo palibe, asakanize lita imodzi ya madzi owiritsa ndi timasupuni 6 ta shuga tosadzaza mosefukira, ndi theka la kasupuni ka mcere. Amwe pang'onopang'ono kosalekeza, ngakhale alikusanza. Khanda lipitirize kuyamwa. Makapisozi ogula pa kantemba sabwezera madzi m'thupi, ndipo amangonyenga munthu kuti acedwe. Kolera imacizidwa kwaulere m'zipatala za Boma.

MAKOMO A CIPATALA

Zipatala za ku Lusaka ziri ngati makalasi a sukulu: munthu amayamba pansi nakwera ndi kalata. Khomo loyamba ndi kliniki ya m'komboni, monga ya ku Kalingalinga, ya ku Mtendere ndi ya ku George. Pamenepo amapima malungo, amamanga zilonda, amaona ana ndi amai apakati, ndi kupatsa mankhwala a matenda wamba. Malipiro a pa khomo loyambali anacotsedwa m'midzi mu 2006 ndi m'mizinda mu 2012. Khomo laciwiri ndi zipatala zisanu zimene kale zinali makliniki, koma zinakuzidwa ndi thandizo la dziko la Japan: Kanyama, Matero, Chawama, Chilenje ndi Chipata. Izi zimagwira nchito usana ndi usiku, ziri ndi madokotala ndi malo ogonekamo odwala, ndipo zimacita opaleshoni monga ya amai obvutika pobereka. Kwa mlendo wodwala usiku m'makomboni amenewa, ili ndilo khomo lace.

Khomo lacitatu ndi zipatala zazikuru. University Teaching Hospital, imene onse amati UTH, iri pa Nationalist Road, ndipo inagawidwa m'zipatala zingapo pa malo amodzi: ca akuru, ca ana, ca amai ndi makanda, ca maso, ndi ca khansa cimene cinatsegulidwa mu 2007. Wobwera ndi kalata afunse pa cipata kuti kalata yace ndi ya mbali iti, angataye m'mawa wonse pa mzere wosayenera. Levy Mwanawasa, cimene cinatsegulidwa mu 2011, ciri pa Great East Road, ndipo ndico capafupi kwa okhala ku Mtendere ndi Kalingalinga. Pambali pace pali Chainama, ca matenda a maganizo. Amene alumpha makomo apansi napita yekha ku cipatala cacikuru wopanda kalata angathe kubwezedwa kapena kulipitsidwa ndalama. Koma lamulo limeneli silikhudza matenda adzidzidzi. Wobvulala pa ngozi, wotaya mwazi wambiri, wokomoka, wobanika, mwana wogwidwa ndi linjirinjiri, mai wapakati amene akutaya mwazi, onsewa apite nao msanga ku cipatala ciri conse capafupi, ndipo pofika anene kwa namwino pomwepo, osakhala cete kumapeto kwa mzere.

Ambulansi siifika msanga m'timakwalala ta m'komboni, makamaka matope akacuruka. Cifukwa cace mlendo afunse mwini nyumba tsiku loyamba kuti ndani pafupi ali ndi galimoto kapena takisi yodalirika, alembe nambala yace, ndipo apatule ndalama ya ulendo umenewo, yosakhudzidwa ngakhale zinthu zitathina. Nambala ya apolisi ndi 991, ya ozimitsa moto ndi 993, ndipo ya nkhani za ana ozunzidwa ndi 116.

Pamaso pa dokotala munthu wa Kum'mawa ali ndi mwai, pakuti Cinyanja ndico cinenero ca m'misika ndi m'makliniki a Lusaka, ngakhale ca kumeneko n'cosakanizika. Alankhule momveka, osazungulira ndi mau ophiphiritsa, anene tsiku limene matenda anayamba ndi mankhwala onse amene wamwa, ndi acikuda omwe. Koposa zonse anene kumene wacokera. Mu Lusaka malungo ndi ocepa, koma ku cigwa ca Luangwa ndi m'maboma a Kum'mawa ndi ambiri. Munthu amene watentha thupi atangofika kumene angakhale atabwera nao, ndipo dokotala akadziwa zimenezi adzampima mwazi msanga.

Woperekeza wodwala atenge bulangeti, mbale, kapu ndi sopo, ndipo akonzekere kukhala masiku ambiri, pakuti tsiku loonana ndi dokotala wamkuru kapena la opaleshoni lingakhale patsogolo. Pa zipata za zipatala zazikuru m'mizinda yonse pamakhala anthu olonjeza kudumphitsa mzere kapena kupeza bedi akapatsidwa kanthu. Ndalama iri yonse iperekedwe pa windo la olandira ndalama, ndipo risiti isungidwe. Mankhwala akasowa m'cipatala ndipo dokotala walemba pepala, akagulidwe m'sitolo ya mankhwala yokhala ndi cilolezo, osati pa thebulo la mu msika pamene akhala padzuwa. Zipatala zolipira ziripo zambiri, zina zabwino ndithu, koma munthu afunse mtengo asanagone pa bedi, ndi kufunsanso ngati amalandira NHIMA.

ZOOPSA ZINA

Lusaka ali pa mtunda wokwera, ndipo mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira koopsa. Anthu amalowetsa mbaula m'nyumba natseka citseko ndi mazenera. Makala oyaka amaturutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene umagonetsa munthu tulo tosadzuka nato, ndipo nyumba ya simenti ndi malata siipuma monga ya udzu ya kumudzi. Mbaula ituruke panja anthu asanagone. Wopezeka ndi mutu waukuru, cizungulire kapena kukomoka m'cipinda cotere aturutsidwe ku mphepo ndi kupita naye ku cipatala.

Nthawi ya mvula mlendo asayende m'madzi oima ngati pali njira yina, pakuti pansi pace pali ngalande zosatseka, maenje okumbamo miyala, ndi nthambo za magetsi. Ana amene wabwera nao asasewere m'menemo. Wolumidwa ndi garu atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite ku kliniki tsiku lomwelo cifukwa ca ciwewe, cimene sicicizika cikayamba kuoneka. Womenyedwa ndi acifwamba akanene ku polisi, kumene adzampatsa pepala lopita nalo kwa dokotala. Koma ngati mwazi ukuturuka kwambiri, cipatala ciyambe.

Pali nkhani yina yobvuta kuichula pa gulu, koma kuibisa ndi kupha. Mkazi, mtsikana kapena mnyamata amene wagwiriridwa apite naye ku cipatala asanathe maora 72, pakuti m'nthawi imeneyo alipo mankhwala oteteza ku HIV, ndipo akayamba msanga ndi pamene amagwira bwino nchito. Asayembekeze kuti abale ayambe akhala pansi kukambirana. Ku polisi kuli gawo la Victim Support Unit losamalira milandu yotere. Aphunzitsi amene amaperekeza ana a sukulu ku masewera kapena ku mipikisano asunge mau awa, ndipo adziwe kumene mwana ali yense wagona.

POBWERERA KUMUDZI

Ulendo sutha pokwera basi. Kolera ingabisale m'thupi kufikira masiku 5 isanaoneke, ndipo munthu angainyamule osadwala konse. Wocokera ku Lusaka nthawi ya mliri asamale m'manja ndi cimbudzi sabata yoyamba, ndipo akayamba kutsegula m'mimba apite ku cipatala nanene kumene anali. Mudzi umene umamwa pa citsime cimodzi, ndi sukulu ya ana mazana angapo, zingaonongeke ndi munthu mmodzi.

Ndipo mphunzitsi ali ndi mangawa ena. Ana ambiri amene ali m'kalasi lero adzapita ku Lusaka zaka zikudzazi, ena kukaphunzira, ena kukafuna nchito, ena kukalera ana a abale, ndipo adzafikira m'makomboni omwewa. Makolo naonso amabwera kwa mphunzitsi kudzawerengetsa kalata ya ku cipatala ndi kufunsa njira, cifukwa m'mudzi iye ndiye amene anaonako. Phunziro limodzi la zaumoyo lingaphunzitse mwana kusakaniza madzi a moyo ndi manja ace, ndipo phunziro limodzi la mapu lingamsonyeze kumene kuli Kanyama, Matero, Chawama ndi zipatala zace.

Mwacidule, mlendo wa ku Lusaka asunge zinthu zisanu. Anyamuke ndi mapepala ace, mankhwala ace ndi kalata ya dokotala. Afike dzuwa likalipo, ndipo adziwike kwa anansi. Asamwe madzi osawiritsa kapena osathira mankhwala. Tsiku loyamba aone ndi maso ace khomo la kliniki kapena cipatala capafupi, ndi kudziwa amene angamnyamule usiku. Ndipo matenda akayamba asacite manyazi, asayembekeze kuca. Anthu a m'makomboni ndi abale omwewo a kumudzi, ocereza alendo ndi othandizana pa mabvuto, ndipo palibe mwini nyumba amene angakonde tulo tace kuposa moyo wa mlendo wace.